Maserati Ghibli ya 2017 yoyendapo kale: ndemanga yanga, ndi chimene ndinasiyira GranTurismo

Ndikuipatsa nyenyezi zinayi mwa zisanu. Galimoto yake ndi Maserati Ghibli ya petulo, injini ya V6 ya malita atatu, yolembetsedwa chapakati pa 2017. Ndayenda nayo kuno ku Birmingham, ku England, m'chilimwe ndi m'chisanu momwe, yapitako ku sevisi, yadutsa MOT (kuyezedwa kwa chaka ndi chaka koona ngati galimoto ili yoyenera pamsewu), ndasinthako matayala akumbuyo, ndiye ndikuona kuti tsopano ndingathe kunenapo zomveka. Anzathu angapo amene amaiona kutchalitchi akhala akundifunsa ngati ndi nzeru kugula galimoto ya ku Italy yoyendapo kale, ndipo funso lawo lalikulu limakhala lakuti atenge GranTurismo, ya zitseko ziwiri yaliwiro ija, kapena ya zitseko zinayi ngati Ghibli.

Chimene chimakopa anthu ndi mtengo. Magalimoto amenewa amagwa mtengo msanga kwambiri, moti Ghibli imene mwini wake woyamba anailipira ndalama zoposa £50,000 lero mungaitenge pa ndalama imene ena akugulira Toyota kapena Kia yatsopano yaing'ono. Koma matayala, mabuleki, oyilo ndi malipiro a makaniko sizinagwe nawo mtengo. Izo zidakali za galimoto ya £50,000 ija. Wokaona nyanja anakaona ndi mvuu zomwe, ndipo aliyense wofuna Maserati aziyamba waganizira mbali imeneyi asanapite kukaiyesa, chifukwa ukangoimva kulira kwake maganizo amasokonekera.

Mtima wanga unali pa GranTurismo, sindibisa. Imeneyo inatuluka mu 2007 n'kupangidwa mpaka 2019, thupi lake linajambulidwa ndi a Pininfarina, kampani ya ku Italy yojambula maonekedwe a magalimoto, ndipo injini yake ya V8, ya malita 4.2 kapena 4.7, inkapangidwa ndi a Ferrari ku Maranello. Ilibe turbo, kachipangizo kokankhira mpweya wambiri mu injini kuti ionjeze mphamvu. Mphamvu yake imakwera pang'onopang'ono mpaka singano yoonetsa kuzungulira kwa injini pa mphindi itadutsa 7,000, ndipo kulira kwake kumakwera nayo limodzi. Mpaka lero sindinamvepo galimoto ya mtengo umenewo yolira mokoma chonchija.

Ndinakaona ziwiri. Yoyamba inali kwa wogulitsa wina payekha, ndipo nditafika ndinaika dzanja pa boneti n'kupeza kuti ndi yofunda, chonsecho ndinali nditamupempha pafoni kuti asailize mpaka nditafika. Bambo amene amandikonzera magalimoto anali atandichenjeza kale: pa injini za 4.2 za zaka zoyambirira, tizipangizo tosintha nthawi yotsegukira mavalavu tikayamba kutha timachita phokoso la khwekhwerere kwa masekondi ochepa injini ikangolira ili yozizira, kenako phokosolo limatha. Injini ikafunda simungalimvenso. Nditapempha buku la sevisi, munali mpata wa zaka zitatu wopanda chidindo, ndipo malisiti akuti anasochera posamuka. Ndinamuthokoza n'kubwerera. Mwina galimotoyo inalibe vuto lililonse, koma sindikanaika ndalama za banja pa mwina.

Yachiwiri inali yabwino kwambiri, ya 4.7, mapepala onse ali m'chimake. Apa ndi pamene ndinapita ndi mayi a kunyumba ndi ana. Kunena zoona, mipando yakumbuyo ya GranTurismo si yongonamizira ngati ya magalimoto ena aliwiro, munthu wamkulu amakhalamo ndithu. Vuto ndi kulowa. Zitseko zake ndi zazitali ndi zolemera, ndiye pamalo oimika magalimoto opanikizana, monga a kusitolo, sizitseguka mokwanira. Ndinaona mayi a kunyumba atawerama, bondo limodzi lili pampando wakutsogolo, akulimbana ndi lamba wa mpando wa mwana wamng'ono. Atatuluka anangoti, "Bambo a ana, ndi yokongola, koma zimenezi tizichita m'mawa uliwonse?" Buti yake ndi ya malita 260 basi, chikuku cha mwana chikalowa ndiye kuti malo atha. Onjezanipo msonkho wa pamsewu: GranTurismo yolembetsedwa isanafike Epulo 2017 ili m'gulu lapamwamba kwenikweni chifukwa cha utsi wake, ndalama zoposa £700 pachaka, isanamwe ndi lita imodzi yomwe. Ikanakhala galimoto yachiwiri pakhomo, yotulutsa Loweruka, ndikanaitenga tsiku lomwelo. Ife timafuna imodzi yochita zonse.

Quattroporte, Maserati yaikulu ya zitseko zinayi, sindinachedwe nayo. Ya kuyambira 2013 ndi yaitali kuposa mamita asanu ndi masentimita 20, ndipo mumsewu wa kwathu kuno, kumene aliyense amaimika panja, ndikanavutika tsiku ndi tsiku. Alfa Romeo Giulia ndiye inandiimitsa mutu. Giulia Veloce ya malita awiri, ya 280 hp (muyeso wa mphamvu ya injini), ndi yopepuka kuposa Ghibli ndi makilogalamu mazana angapo, chiwongolero chake chimamva msanga, imamwa pang'ono, ndipo zipangizo zake sizidula kwambiri. Munthu wondifunsa kuti yanzeru ndi iti, ndimamuuza kuti Giulia. Ine ndinafuna masilinda asanu ndi limodzi ndi m'kati motakasuka m'mbali, ndipo Giulia ya V6, Quadrifoglio ya 510 hp, mtengo wake sunagwe ngati wa zinzakezi.

Pa Ghibli yeniyeniyo pali chisankho china, petulo kapena dizilo. Zambiri zimene zili pamsika kuno ndi za dizilo, injini ya kampani ya VM Motori ya 275 hp, ndipo imeneyi inali Maserati yoyamba kuyendera dizilo. Pa maulendo ataliatali imasunga mafuta ndithu. Koma maulendo anga ambiri ndi a kusukulu, kuntchito ndi kusitolo, ndipo dizilo ya masiku ano ikamangoyenda timaulendo tatifupi, sefa ya mwaye ya ku ekizosi imatsekeka chifukwa siitentha mokwanira kuti idziyeretse. Palinso malamulo a utsi. Pakati pa Birmingham pali Clean Air Zone, dera limene galimoto za utsi wambiri zimalipitsidwa, kuyambira 2021, ku London kuli yofanana nayo yotchedwa ULEZ imene inakuta mzinda wonse mu Ogasiti 2023, ndipo konseko dizilo iyenera kukhala ya muyeso wa utsi wa Euro 6, apo ayi mulipira £8 patsiku kuno kapena £12.50 ku London. Dizilo zambiri zolembetsedwa isanafike Seputembala 2015 ndi za Euro 5. Lembani nambala ya galimotoyo pa tsamba la boma muone musanalipire chikole.

Tsopano mmene imayendera. Injini ya petulo imeneyi ili ndi ma turbo awiri, 350 hp, nayonso inkamangidwa ku Maranello, pomwe galimoto yonse inkalumikizidwa ku Grugliasco kufupi ndi Turin. M'mawa ikangolira imabangula kwa kanthawi kenako n'kutsika, moti ndikamanyamuka mbandakucha sindichedwa pakhomo kuopa kudzutsa anzathu oyandikana nawo. Mukadina batani la Sport, mavalavu a ku ekizosi amatseguka ndipo posintha giya imachita kaphokoso kothetheka kumbuyo. Sifika pa V8 ija, koma Mercedes ndi BMW za msinkhu wake zimene ndinakhalamo sizimveka choncho. Kuchoka poima kufika 100 km pa ola sipatha masekondi 6. Magiya ake ndi osintha okha, asanu ndi atatu, a kampani ya ZF, omwe aja amapezeka mu BMW ndi Jaguar, ndipo ichi chinandikhazika mtima pansi chifukwa amakaniko ambiri amawadziwa. Pa misewu ikuluikulu monga M6 kapena M40 ndi pamene imasangalatsa kwenikweni: imakhazikika, mipando siitopetsa msana, ndipo tanki yake ya malita 80 imatifikitsa ku Glasgow kwa alamu anga osaima pothira mafuta.

Imakoka ndi matayala akumbuyo okha. Kukagwa mvula, potuluka pa raundabauti mukaponda mwamphamvu, kumbuyo kumafuna kutsetsereka kompyuta isanagwire. M'chisanu ndimadina batani lolembedwa I.C.E., limene limafewetsa kanyamukidwe ndi kusintha magiya msanga, ndipo imakhala yofatsa.

Nyenyezi yachisanu ija yachoka pa zinthu zingapo. Choyamba ndi malo a miyendo kumbuyo. Galimoto yotalika pafupifupi mamita asanu munthu amayembekeza kuti kumbuyo n'kotakasuka, koma malo ambiri anapita ku boneti. Ana amakhala bwino, koma apongozi atabwera kudzationa ndinachita kukankhira mpando wanga kutsogolo. Buti yokha ndiye ndi yaikulu, malita 500, masutikesi awiri akuluakulu a ku eyapoti amalowa popanda kukakamiza. Chachiwiri ndi kuuma. Yanga ili ndi marimu a mainchi 20, ndipo pa mabampu ndi m'maenje a m'tauni mumamva chilichonse. Mukapeza ya mainchi 18 kapena 19, kapena yokhala ndi mashokabu osinthika otchedwa Skyhook, tengani imeneyo. Chachitatu ndi ndodo ya magiya, imene ukaikankha imabwerera pakati, moti pofuna R umatha kupitirira mpaka P. Dzanja limazolowera, koma pokhota m'kamsewu kopapatiza anthu akudikira zimatopetsa. A Maserati anaikonza pa zotuluka cha mu 2019. Ndipo ngakhale chikopa cha mipando ndi kawotchi ka pakati pa dashibodi n'zokongola, mabatani a mawindo ndi omwe aja a magalimoto a Chrysler, chifukwa nthawiyo makampaniwa anali pansi pa denga limodzi.

Chaka cha galimoto n'chofunika kuposa mmene ambiri amaganizira. Zoyambira kumapeto kwa 2016 zili ndi sikirini yatsopano yolandira Apple CarPlay ndi Android Auto, pomwe zakale zilibe. Ndiponso galimoto yolembetsedwa kuyambira pa 1 Epulo 2017 siilipira msonkho potengera utsi. Imalipira mtengo wofanana ndi galimoto zina zonse, pafupifupi £200 pachaka, ndipo msonkho woonjezera wa galimoto zodula kuposa £40,000 umatha ikakwanitsa zaka zisanu ndi chimodzi. Ghibli ziwiri zofanana, ina ya Malichi ina ya Meyi chaka chomwecho, zimasiyana msonkho pafupifupi kawiri. N'chifukwa chake ndinadikira mpaka nditapeza ya chapakati pa 2017.

Mafuta imamwa, pamenepo pasakhale kunamizana. M'tauni ndimapeza makilomita 6 pa lita, pamsewu waukulu 10 kapena 11 ndikamayenda mwaulemu. Matayala akumbuyo ndi otambalala kuposa akutsogolo, ndiye simungawasinthanitse, ndipo akumbuyowo amatha msanga. Inshulansi funsani mtengo musanagule, makamaka ngati laisensi yanu ya kuno ndi yatsopano. Sevisi ndimachitira kwa makaniko woima payekha amene amagwira magalimoto a ku Italy okhaokha, ndipo oyilo ndimasintha chaka chilichonse. Batire ili m'buti, ndipo galimotoyi sikonda kukhala milungu yambiri osayenda, choncho tikapita kumudzi ndimaisiya yolumikiza ku kachaja kosunga batire. Ndimapatula ndalama mwezi ndi mwezi za galimoto yokha, ndipo amene sangathe kutero ndimamupempha kuti asagule.

Pokagula, yambani ndi mbiri ya MOT, imene imaoneka mwaulere pa intaneti ndipo imasonyeza mamailosi a chaka ndi chaka ndi zimene woyeza anadandaula nazo. Onaninso ngati ilibe ngongole kapena sinachitepo ngozi yaikulu. Pemphani malisiti, osati zidindo zokha. Yang'anani matayala: mukapeza anayi onse ali a mitundu yosiyana yotchipa, dziwani kuti mwini wake ankapanikizika, ndipo kwina kosaoneka anasiyanso. Lipirani katswiri aikweze m'mwamba aione pansi. Amene mtima wanu wakanirira pa GranTurismo kapena Quattroporte yakale, dziwani kuti za magiya a MC Shift kapena DuoSelect zili ndi kilachi imene imatha msanga m'tauni, ndipo kompyuta ya makaniko imatha kuwerenga kuti yatsala bwanji. Za magiya a ZF zilibe nkhawa imeneyo.

Achimwene anga ku Lilongwe anandifunsa ngati ndidzaitumize kumudzi, poti chiwongolero chili kumanja ngati kwathu. Ndinawauza kuti ayi. Ndi yotsika kwambiri, matayala ake ndi opyapyala, msonkho wolowetsera galimoto ya injini yaikulu ndi yakale ndi wokwera, ndipo kachipangizo kalikonse kangamachite kuitanitsidwa kunja galimoto ili chiimire. Ndikadzafuna yotumiza ndidzayang'ana Hilux kapena Prado, Ghibli ndidzaigulitsa konkuno pamodzi ndi malisiti ake onse.