Mbuzi ya Amayi pa mphambano ya Mussacama

Ndimanyamula mbatata za kachewere kuchokera ku Ulongwe kupita ku msika wa Kwachena mu mzinda wa Tete, kawiri pa mwezi, ndipo pobwerera njala imandigwirira pa Mussacama. Oyenda msewu uwu mukupadziwa: pamene msewu wochokera ku Tete umagawikana, wina kuloza ku Zóbuè ndi Mwanza, wina kukwera kwathu ku Angónia mpaka ku chipata cha Calómuè ndi Dedza. Pali baraka ya malata yopakidwa laimu, mwini wake ndi mayi wachikulire amene tonse timangowatchula kuti Amayi. Dzina la malowo sindilemba poti ndili ndi madandaulo anga angapo, koma ndadyapo zaka zitatu.

Chopitira kumeneko ndi mbuzi basi. Mbuzi za kumunsi kotenthaku zimadya masamba a mitengo, nyama yake ili ndi fungo lake lake losiyana ndi za kwathu kumapiri. Amayi amaitereka pa moto kusanache, pang'onopang'ono, mpaka fupa lichoke lokha. Tomato, anyezi, mchere, piripiri pambali, palibenso china. Mitanda itatu ya nsima ya ufa woyera ndi mbuzi yake ndinalipira mametikali 200 ulendo wathawu. Nsomba ya chikowa, youma ija ya ku Cahora Bassa, amainyika kaye mokwanira, choncho mchere wake sukuwotcha lilime ngati m'malo ena. Nkhuku musaitanitse, ndi ya m'firiji ndipo sikoma.

Matebulo alipo asanu, ndipo kawirikawiri atatu amakhala a madalaivala a ku Malawi, a mathanki a mafuta ndi a feteleza ochokera ku doko la Beira. Ine nkhani za ubale wa maiko athu awiriwa ndimazimva pa wailesi, koma kuti ndidziwe ngati zikuyendadi ndimafunsa Amayi kuti apha mbuzi zingati. Msewu ukakhala bwino amapha ziwiri pa tsiku. Kumapeto kwa 2024, zionetsero za chisankho zitatseka misewu, imodzi inkagona mpaka mawa lake. Nthawi yomweyo ku Malawi mizere ya mafuta, imene inalipo kale chifukwa chosowa ndalama zakunja, inangotalikirabe. Dziko lopanda doko ngati Malawi limapumira m'misewu yathu, ndipo ife timadyera pomwepo.

Amayi iwowa nsima yawo anaiphunzirira ku Malawi. Anathawira ku Mwanza ali namwali mu 1986, nkhondo itafika povuta, m'gulu la anthu athu pafupifupi miliyoni amene anakasungidwa kumeneko. Chaka chomwecho, mu Seputembala, Samora Machel anapita ku Blantyre pamodzi ndi Robert Mugabe ndi Kenneth Kaunda kukamuuza Kamuzu Banda maso ndi maso kuti Renamo ikudutsira m'dziko lake. Pa 19 Okutobala Samora anafa pa ngozi ya ndege ku Mbuzini. Patapita miyezi, asilikali a Malawi anayamba kulondera njanji ya Nacala mkati mwa Mozambique. Amayi akamafotokoza zaka zimenezo atsogoleri sawatchula n'komwe. Amakumbukira mayi wa m'mudzi amene anawabwereka mphika ndi kadimba, mpaka anabwerera kwawo mtendere wa ku Roma wa 1992 utagwira. N'chifukwa chake dalaivala wa ku Malawi akasowa ndalama amamulemba m'kope. Ife a konkuno ngongole satipatsa, ndipo zimenezi ndinawauza kuti si chilungamo. Anangoti, "Inu bambo a mbatata, kwanu ndi pafupi, mukadya kwa akazi anu."

Mikangano ya pa tebulo nayo ndi ndiwo. Tsiku lina achimwene ena a ku Nsanje anakwiya mpaka nsima kuzizira, ati ife ndife tinapha doko limene Bingu wa Mutharika anatsegula kwawoko mu 2010, pogwira pa Zambezi bwato limene linkapita ku dokolo. Mnzanga wa ku Moatize anawayankha kuti mtsinje wa eni sungayendemo osagogoda. Mlandu sunathe, koma onse anagwirizana podana ndi sitima. Njanji ya makilomita 912 yochokera ku Moatize kupita ku Nacala, imene imadula pakati pa Malawi, kwa dalaivala wa lole ndi mdani wolanda katundu. Kwa ine ndiyo chinthu cholimba kuposa mapepala onse amene akuluakulu amasaina, chifukwa malasha a ku Moatize popita ku Nacala sangaizembe Malawi, ndipo Malawi sangafike ku Nacala osatiponda. Chimodzimodzi waya wa magetsi wa makilomita 218 wochokera ku Matambo kuno ku Tete kupita ku Phombeya ku Balaka. Wogulitsa ndi wogula akamangidwa ndi chingwe chimodzi, kutukwanana kumachepa kokha.

Tsopano madandaulo. Loyamba ndi kwacha. Amalandira ndalama zonse ziwiri, koma mnyamata wa pa kauntala, mphwawo wa Amayi, amasintha mtengo poyang'ana nkhope. Msuweni wanga wa ku Ntcheu, amene ndinayenda naye mwezi wa Ogasiti, analipira m'makwacha, ndipo titawerengera m'galimoto tinapeza kuti mbale yake yadula pafupifupi kawiri kuposa yanga, mbuzi yomweyo. Amayi alembe mtengo wa tsikulo pa khoma, choko sichidula. Manyazi ndinachita ine, poti ndinali nditamutamira malowo kuyambira pa Calómuè.

Lachiwiri ndi firiji. Chigawo chathu chili ndi damu la magetsi la Cahora Bassa la mamegawati 2,075, koma mowa wa 2M wa pa baraka iyi umafika pa tebulo wofunda ngati thobwa, chifukwa firijiyo ndi yakalekale ndipo chitseko chake amachimanga ndi mphira. Chimbudzi chili kuseri, n'choyera m'mawa, koma madzi akatha m'chigubu palibe wothamangira kukatunga. Mwezi wa Okutobala ntchentche zimakhala nawo pa tebulo.

Mukafuna kukadyako, tengani mametikali, ndipo fikani isanakwane 1 koloko masana. Ikapitirira, a mathanki amakhala atatha nthiti zonse, mumapeza msuzi ndi makhosi. Ine ndidutsanso Lachinayi likudzali, ndipo ndawatumizira kale uthenga Amayi kuti andisungire chiwindi.