Kusintha scheduler ya Linux: pomanga kernel kapena makina akuyenda?

Scheduler ndi gawo la kernel (mtima wa Linux) lomwe limasankha pulogalamu yoti igwiritse ntchito CPU, komanso kwa nthawi yaitali bwanji. Mungaisinthe pomanga kernel yanuyanu kuchokera ku code yake, kapena kompyuta ili mkati mogwira ntchito.

Zina zimafuna kumanganso basi. CONFIG_HZ, yomwe imanena kuti wotchi ya kernel izigunda kangati pa sekondi, kaya 100, 250, 300 kapena 1000, imasankhidwa pomanga. PREEMPT_RT, yothandiza kuti ntchito zachangu zisachedwe, yomwe inalowa mu Linux 6.12 mu 2024, chimodzimodzi.

Nthawi: kumanga kumadya mphindi zambiri, mwina maola, kenako muyatsenso makina. Ndi sysctl, lamulo losinthira zinthu mu kernel makina akuyenda, masekondi chabe.

Kukhalitsa: zapomanga zimakhalabe, koma kernel yatsopano ikatuluka mumanganso nokha, ndipo ambiri amatopera pamenepo. Za sysctl zimafufutika mukazimitsa makina, pokhapokha mutazilemba mu /etc/sysctl.d.

Mukalakwitsa: kernel yolakwika imatha kukana kuyaka. Nambala yolakwika ya sysctl mumangoibweza pomwepo.

Chenjerani ndi malangizo akale a pa intaneti. Kuyambira pa Linux 5.13, zosintha zambiri za scheduler zinachoka mu sysctl n'kupita ku /sys/kernel/debug/sched, ndipo scheduler yatsopano ya EEVDF italowa m'malo mwa yakale ya CFS pa 6.6, chosintha chotchedwa min_granularity_ns chinasowa, kunabwera base_slice_ns. Ngakhale mtundu wa preempt (kuimitsa ntchito ina kuti ina iyambe) tsopano ungasinthidwe makina akuyenda ngati kernel ili ndi PREEMPT_DYNAMIC.

Oyendetsa ma seva, yambani ndi sysctl, komanso chrt ndi nice, malamulo osankhira pulogalamu yoti izipatsidwa mpata patsogolo. Kwa ine kumanga kernel pano n'kudzivutitsa. Kumanga kumayenera opanga zida za m'mafakitale kapena zojambulira mawu, kumene kuchedwa pang'ono kumawononga ntchito.