Phukusi lophunzirira kuluka chipewa: wulu ndi wabwino, koma pepala ndi vidiyo zinkatsutsana

Ndinagula phukusi la K22,000 lija lakhala likuzungulira pa Facebook ndi m'magulu a WhatsApp chisanu chisanayambe, lija amati ndi la munthu amene sanagwirepo singano ya crochet chibadwire. Dzina la shopu ndi la mwini wake sinditchula. M'katimo munali mipukutu iwiri ya wulu wa DK (ulusi wokhuthala pakatikati) ya 50g uliwonse, singano yachitsulo ya 4.5mm, singano yabuthu yobisira ulusi wotsala, timapini tiwiri tapulasitiki toikira chizindikiro, pepala la malangizo, komanso amakulowetsa m'gulu la WhatsApp mmene mwini shopu amatumizamo mavidiyo. Ndinalipira pa Airtel Money, wa kabaza anabweretsa tsiku lomwelo. Pamenepo ndilibe dandaulo.

Mwana wanga ali Fomu 1 pasukulu yogonera komweko ku Dedza, ndipo amene munagonako mu June ndi July mukudziwa kuti chisanu cha kumeneko sichiona nkhope. Ndinkafuna kuti tsiku lokaona ana ndimutengere chipewa choluka ine mayi ake, cha nevi buluu chogwirizana ndi juzi ya sukulu. Zipewa za pa kaunjika zilipo, zotchipa kuposa phukusili, koma sindicho chimene ndinkafuna.

Pepalalo ndi la Chingerezi. Limati yambani ndi kamphete ka ulusi, mulukemo "12 dc" (masitichi 12 otchedwa double crochet), mzere wachiwiri masitichi akwane 24, wachitatu 36, kumangowonjezera 12 mpaka afike 72, ndipo pamenepo kabwalo ka pamwamba pa chipewa kakhale kotambalala masentimita 16. Vidiyo ya mwini shopu ndi ya Chichewa, mawu ake omveka bwino, manja akuoneka pafupi. Akuti double crochet ndi iyi: lowetsani singano, kokani ulusi, pa singano pakhale timalupu tiwiri, kolani ulusi mudutsitse pa tonse tiwiri kamodzi, basi yatha. Ndinachita zomwezo, sitichi iliyonse ndikuwerenga mokweza. Pofika mzere wachitatu kabwalo kanayamba kukana kugona pansi. Pofika wachisanu ndi chimodzi masitichi anali 72 ndendende, koma m'mphepete monse munali mutakwinyika ngati tsamba la kabichi, ndipo nditayeza ndi tepi kanali kasanadutse masentimita 8. Theka la zimene pepala likunena.

Ndinajambula n'kutumiza m'gulu muja mwaulemu, kufunsa kuti kodi pavuta pati. Yankho linabwera pagulu pomwepo, aliyense akuwerenga: "Mami, dzanja lanu ndi lolimba kwambiri. Masulani muyambirenso. Anzanu onse zikuwayendera." Ndinamasula. Ndinalukanso dzanja lili lendelende mpaka masitichi kumaoneka mabowo okhaokha, zotsatira zake zomwezo. Kenako amayi ena m'gulumo anayamba kutumiza zithunzi zawo, zokwinyika chimodzimodzi ndi changa. Ndiye "onse zikuwayendera" aja anali ndani? M'malo moti ayankhe, mwini shopu anatseka gulu kuti azilemba ndi ma admin okha. Apa mpamene mtima unandiwawa zenizeni. Munthu walipira ndalama zake, wakhala usiku maso ali tong'o pa ulusi wakuda, akufunsa chinthu chimene iwe unalonjeza kuti udzamuphunzitsa, ndipo iwe ukumutseka pakamwa. Amayi enawo sindikudziwana nawo, koma ndikukhulupirira kuti alipo amene anangoponya phukusilo m'kabati poganiza kuti manja awo ndi ouma, chonsecho vuto silinali lawo.

Loweruka ndinanyamula zonse kupita ku shopuyo ku Limbe. Ndinapeza mwini shopu ali pa kauntala, foni ili kukhutu. Ndinadikira. Atamaliza, ndisanatsegule n'komwe jumbo, anati, "Madamu, katundu akatsegulidwa ndalama sitibweza." Ndinawauza kuti sindinabwerere ndalama, ndabwerera chipewa. Ndinayala kabwalo kanga pa kauntala, pepala pambali pake. Anakayang'ana osakagwira, n'kubwereza nyimbo yomwe ija ya dzanja lolimba, n'kuwonjezera kuti kuluka si kwa aliyense. Mawu amenewa sindinawaiwale mpaka lero, chifukwa pa chilengezo chawo analemba okha kuti aliyense angathe.

Kumbuyo kwa shopuyo kuli makina osokera, ndipo pamenepo panali mayi ena achikulire akupinda m'munsi mwa mayunifolomu. Sindikudziwa ngati ndi achibale kapena amangobwereka malo. Anaimitsa makina, anati, "Tabwera nacho kuno, mwanangu." Anavala magalasi amene anali lende pachifuwa, anatambasula kabwalo pa bondo, n'kuyamba kuwerenga masitichi ndi chikhadabo cha chala chachikulu, mzere ndi mzere, milomo ikuyenda koma mawu osatuluka. Atafika kumapeto anati, "Kuwerenga wawerenga bwino, palibe yomwe yasowa. Dzanjanso lili bwinobwino. Tandionetsa chimene wakhala ukuonera." Ndinawatsegulira vidiyo. Sanaimalize n'komwe. Anatenga pepala, anayendetsa chala mpaka mzere womaliza pamene palembedwa kuti mkombero wa chipewa utsirizidwe ndi "sc" (single crochet), n'kugogoda pamenepo. Anati pepalali ndi la kalembedwe ka ku America, pamene vidiyoyi ikuphunzitsa za ku Britain.

Ndikufotokoza zimene anandiuza chifukwa amene muli ndi phukusili zikupulumutsani. Dzina lakuti double crochet lili mbali zonse ziwiri, koma masitichi ake ndi osiyana. Ya ku Britain ndi yaifupi ija ya m'vidiyo, imene aku America amaitcha single crochet. Ya ku America ndi yaitali, imene aku Britain amaitcha treble: umayamba wakulunga ulusi pa singano usanailowetse, ukakoka pamakhala timalupu titatu, n'kudutsitsa ulusi pa tiwiri, kenako pa tiwiri totsalato. Ukaona "sc" kapena "hdc" (half double crochet) papepala, dziwa kuti ndi la ku America, chifukwa a ku Britain alibe sitichi yotchedwa single crochet. Ndipo chiwerengero chowonjezera chimayenda ndi kutalika kwa sitichi. Yaitali imafuna 12 pa mzere uliwonse kuti kabwalo kagone, yaifupi imangofuna 6. Ine vidiyo inandipatsa sitichi yaifupi, pepala n'kundipatsa chiwerengero cha yaitali, ndiye masitichi anali ochuluka kawiri pamalo opanikizika, n'chifukwa chake ankapindikana. Ngakhale ndikanamasula dzanja chaka chonse sizikanasintha.

Mayiwo anati anaphunzira kuluka ku Mvano ali mtsikana, ndipo zinkaoneka. Anakoka ulusi, kabwalo kanga konse kanatha mwakanthawi, n'kukulunga ulusiwo bwinobwino pa mpukutu. Anazunguliza ulusi pa chala chaching'ono cha dzanja lamanzere, kuudutsitsa pamwamba pa chala cha mkombaphala, n'kundionetsa kuti chala chimenechi ndicho chimalamula kulimba kwa ulusi, osati kufinya singano. Analuka masitichi atatu pang'onopang'ono kuti ndione, n'kundipatsa. Ndinamaliza mzere woyamba ndi wachiwiri nditakhala pa kampando pambali pa makina awo, iwo akupitiriza mayunifolomu, kumangoponya diso apa ndi apo. "Tcheni zitatu zoyambira mzere zija, timalupu tolumikizana tija, uziziwerenga ngati sitichi imodzi. Ika kapini pa tcheni yachitatu, mpamene udzatsekere." Kabwalo kanagona pansi phwathalala. Ndinafuna kuwapatsa kangachepe ka sopo, anakana, anati ndidzawaonetse chipewa chikatha.

Mwini shopu zonsezi ankamva. Chimene ananena n'chakuti, "Aa, ndiye kuti amene anandipatsa pepalalo ndi amene analakwitsa." Pepani sanatuluke pakamwa pawo, kwa ine kapena kwa amayi a m'gulu aja. Pepalalo silinalakwe, linali lolondola pa lokha. Wogulitsa amene akuti akuphunzitsa anthu ankayenera kukhala pansi n'kuluka yekha chipewa chimodzi potsatira pepala ndi vidiyo zake asanayambe kulandira ndalama, akanaona vutoli pa mzere wachitatu ngati ife tonse.

Komabe ndinene chilungamo, chifukwa tsiku lomwelo panachitika china chimene chinandifewetsa mtima. Mayi achikulire aja, akukulunga ulusi, anatembenuza timapepala ta pa mipukutu iwiri ija n'kupeza kuti nambala ya mtundu ndi imodzi koma nambala ya "lot" ndi yosiyana. Anati wulu amaunyika mu utoto m'magulumagulu, ndiye wa gulu lina umatha kusiyana pang'ono ndi unzake ngakhale dzina la mtundu lili limodzi. M'shopu sizioneka, koma padzuwa chipewa chimadzakhala ndi mzere pakati pamene mpukutu wina wathera. Apa mwini shopu sanatsutse. Anakwera pa kampando, anafufuza pa shelefu mpaka anapeza wofanana nambala, anandisinthira osalipiritsa. Madzulo ake gulu linatsegulidwa, vidiyo yakale inachotsedwa, n'kubwera ina yoonetsa sitichi yaitali. Sanafotokoze chifukwa chake, anangolemba kuti "updated video", koma ntchito anaigwira, ndipo zithunzi zimene zinayamba kubwera pambuyo pake zinali za zipewa zenizeni. Munthu wina akanaumirira mpaka mapeto.

Katunduyo payekha ndi wabwino, ndipo pamenepa sindiwamana ulemu wawo. Singano ndi yosalala, kangowe kake sikang'amba ulusi monga zimachitira zapulasitiki zina zokhala ndi msoko. Wulu ndi wa acrylic, wofewa, suyabwa pachipumi, ndipo m'mipukutu yonse iwiri sindinapezemo mfundo ngakhale imodzi. Ndi kumasulamasula konse kuja unangochita ubweya pang'ono poyambira. Magalamu 100 anakwanira chipewa chonse, n'kutsalako wopangira kampira ka pamwamba, ngakhale mwana wanga anakakana kuti anzake amuseka.

Zosowa papepala zilipo zingapo. Silikunena kuti uyeze kaye mutu wa wovala, likungoganiza kuti mitu yonse ndi yofanana. Mayi aja ndi amene anandiuza kuti zunguliza tepi pachipumi ndi pamwamba pa makutu, uchotsepo masentimita 5 poti chipewa chimatamuka, zotsalazo ugawe ndi 3.14, ndiye kutambalala kwa kabwalo. Mutu wa mwana wanga ndi masentimita 55, ndiye zinandipatsa pafupifupi 16, mwamwayi zofanana ndi za papepala. Amene mukulukira khanda kapena bambo a mutu waukulu muwerengere nokha. Kabwalo kakakwana umasiya kuwonjezera, n'kumangoluka sitichi imodzi pa imodzi, chipewa chimayamba chokha kutsika m'mbali. Ine ndinaima pa masentimita 21 kuchokera pamwamba kuti chiphimbe makutu. Za kachapidwe pepala lili zii. Acrylic safuna simbi, imamusungunula kapena kumulefula osabwereranso. Ndinachapa ndi madzi ozizira, kufinya m'thaulo, n'kuyanika chogoneka pamthunzi, chifukwa chikalendewera pa chingwe chimatalika. Mtundu sunatuluke m'madzi.

Chinanso, wogulitsa amene akuti phukusi lake ndi la oyamba azichenjeza za mtundu. Ine ndinafunika nevi buluu chifukwa cha sukulu, koma ulusi wakuda masitichi ake saoneka, makamaka usiku magetsi akazima uli pa tochi ya foni. Ngati palibe chokukakamizani, tengani wotuwa, wachikasu kapena wa kirimu pa chipewa choyamba.

Chipewa chinapita ku Dedza pa nthawi yake. Chinamukwana, chikuphimba makutu, ndipo akuti amavala popita ku prep ya m'bandakucha ndi pogona pomwe. Mayi achikulire aja ndinawaonetsa ndisanachitumize, anachitembenuza kunja kukhala m'kati kuti aone mmene ndinabisira ulusi, anati zili bwino.

Nyenyezi ndikupereka zitatu mwa zisanu, ndipo imodzi mwa zitatuzo ndi ya mayi a pa makina aja, amene sali n'komwe pa chilengezo. Amene mukufuna kugula, onetsetsani kuti vidiyo imene akupatsani ndi yatsopano, yoyamba ndi kukulunga ulusi pa singano, ndipo yerekezani nambala za "lot" musanachoke pa kauntala kapena muwauze akujambulireni asanapatse wa kabaza. Wulu ndidzagulanso komweko, mpukutu umodzi wa 100g kuti za kusiyana mitundu zisakhalepo. Koma phukusi la timasokosi ta makanda limene ayamba kulengeza sabata ino sindilipira mpaka nditaona pepala lake ndi vidiyo yake pamodzi.