Giza ya sola itadutsa chiperoni, Okutobala ndi dzinja

Giza yathu ya sola itangokwezedwa padenga ndinalemba zoiyamikira, koma ndinati chigamulo chenicheni chidikire idutse kaye chiperoni ndi dzuwa la Okutobala. Zonsezo yaziona, ndi dzinja lomwe, ndiye ndabweranso. Kwa amene simunawerenge zija: ndi ya malita 150, ya machubu agalasi 15, yopanda pampu, ndipo m'thanki muli elementi ya magetsi ya 2 kW yoti izithandiza dzuwa likakana. Tili ku Blantyre, mbali ya ku Limbe, ndipo m'nyumba muno timasamba anthu asanu.

Ndingaigulenso, zimenezo ndilibe nazo chikaiko. Koma ndalama zomwe imapulumutsa sizili padenga pokha, zambiri zili pa switch ya elementi ija.

Masamu ake ndi osavuta. Kutenthetsa malita 150 kuchoka pa madigiri 20 kufika pa 60 kumadya mayunitsi pafupifupi 7. Ngati thanki yonse ikutha tsiku lililonse, pamwezi ndi mayunitsi oposa 200 a madzi osamba okha, osawerengera kuti giza yamagetsi imayakanso yokha masana ndi usiku madzi akazizirako. Amenewo ndiwo mayunitsi omwe dzuwa liyenera kukuchotserani. Ife miyezi yoyambirira tinkaona kusiyana, koma kochepa moti mayi a kunyumba anayamba kufunsa ngati sitinangogula chokongoletsera denga.

Vuto linali loti amene anatiikira anasiya elementi ili yoyaka nthawi zonse, akuti imadzizimitsa yokha madzi akatentha. Zoona imadzizimitsa, koma taonani mmene tsiku limayendera. Anthu amasamba madzulo, madzi ozizira n'kulowa m'thanki dzuwa litalowa kale. Elementi imaona kuti madzi azizira, n'kugwira ntchito usiku wonse. M'mawa dzuwa likamatuluka limapeza madzi ali otentha kale ndi mayunitsi a ESCOM, ilo n'kungowonjezera pang'ono posafunika. Titazimitsa elementiyo pa bolodi, mita inayamba kuyenda mwaulemu. Kenako tinaika timer yoti iziyatsa madzulo okha, dzuwa litamaliza mbali yake, ndipo ngakhale timer imeneyo timaisiya yozima miyezi yambiri ya chaka. Kuyambira Ogasiti mpaka mvula itayamba sitinaikhudze n'komwe.

Chiperoni ndiye anali mayeso aakulu. Anzathu a ku Lilongwe kapena ku Salima mwina simudziwa mmene Juni ndi Julayi amakhalira kuno ndi ku Thyolo: nkhungu, mvula yowaza, dzuwa osaoneka masiku angapo otsatizana. Tsiku loyamba la chiperoni madzi amakhala otentha bwinobwino, chifukwa thanki imasunga kutentha kwa dzulo, komanso machubu amatolako kuwala ngakhale kuli mitambo. Lachiwiri amakhala ofunda, munthu wamkulu atha kupirira. Lachitatu musadzinamize, yatsani elementi. Maola awiri a 2 kW ndi mayunitsi 4, ndipo amakweza thanki yonse ndi madigiri oposa 20 pang'ono, zomwe zimakwana kusamba. Dzinja silinativute chotero, poti mvula ya Januwale nthawi zambiri imasiya mpata dzuwa n'kuwala m'mawa.

Chomwe wogulitsa sakuuzani ndi Okutobala. Madzi amafika pobwata, nthunzi n'kumatuluka pa kapaipi kopumira kapamwamba, nthawi zina thanki n'kumalira ngati ketulo. Kwa ife amene tili ndi mwana wamng'ono, izi si zoseketsa: madzi otere amawotcha khungu nthawi yomweyo. Tinaitana pulambala wina kudzaika mixing valve, imene imasakaniza otentha ndi ozizira asanafike pampopi. Imeneyo ikanayenera kukhala m'gulu la zinthu zobwera ndi giza, osati yogula mwapadera. Paipi yotsika kuchoka padenga nayo isakhale PVC wamba, imafewa n'kupindika. Ikhale ya kopa kapena PPR (pulasitiki yopirira madzi otentha), ndipo ikutidwe, apo ayi kutentha kumathera m'njira.

M'mwezi womwewo ndi mmene tinataya chubu chimodzi. Madzi anasiya m'mipopi, ife n'kupitiriza kugwiritsa ntchito a m'thanki mpaka inatsala pang'ono kuuma. Chubu chopanda madzi chikakhala padzuwa chimatentha kupitirira madigiri 100 kutalitali. Madzi atabwera masana, ozizira, analowa m'galasi lotentha lija, ndipo linasweka pomwepo. Pa giza ya mtundu uwu madzi amalowa m'machubu mwenimwenimo, ndiye chimodzi chikasweka thanki yonse imakhuthukira pamalata. Tsopano madzi akangosiya timatseka valve yolowetsa, n'kudzaitsegula usiku kapena m'bandakucha galasi litazizira. Mwayi wake machubu ambiri ndi a muyeso umodzi, mamilimita 58 m'mimba mwake ndi 1800 mulitali, ndiye china chinapezeka m'tauni. Ndinagula ziwiri, chinacho chili m'siling'i. Zinthu zochokera kunjazi mtengo wake sukhala pamodzi, makamaka chigwetsereni kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023.

Presha ndi yofooka, ndipo ndi mmene zilili. Madzi otentha amatsika ndi kulemera kwawo basi, pamene ozizira amabwera ndi mphamvu ya m'mipopi, ndiye pa shawa ozizirawo amakonda kupondereza anzawo. Tinasintha mutu wa shawa n'kuika wa mabowo akuluakulu, zinachepako. Amene amakonda shawa yomenya pamsana aganizire za mtundu wa presha yaikulu, ngakhale ndi wodula.

Ena munandifunsa za zidindo ndi ma setifiketi. Mlamu wanga amene amagwira ntchito zomanga ku Johannesburg amati kumeneko nkhaniyi si yosankha. Chiyambire 2011, lamulo la zomangamanga la SANS 10400-XA limafuna kuti m'nyumba yatsopano theka la madzi otentha, kapena kuposa, lizitenthetsedwa ndi njira ina osati elementi yamagetsi, kaya ndi dzuwa kapena heat pump (makina okoka kutentha kuchokera mumpweya), ndipo anthu amayang'ana chidindo cha SABS, bungwe loona za ubwino wa katundu ku South Africa, pa giza asanagule. Palinso setifiketi ya EDGE ya bungwe la IFC (nthambi ya World Bank), yomwe nyumba imalandira ikachepetsa ndi 20 peresenti mphamvu zamagetsi, madzi, ndi zomwe zimawonongeka popanga zipangizo zomangira, poyerekeza ndi nyumba wamba ya m'deralo. Giza ya sola ndi imodzi mwa njira zofikira pamenepo. Kwa munthu womanga kanyumba kake pang'onopang'ono ngati ine, setifiketi yotere ndi nkhani yakutali, koma maganizo ake ndi othandiza: yerekezani ndi zomwe munkawononga kale, osati ndi zomwe zalembedwa pa katoni. Kwathu kuno funsani ngati katunduyo anadutsa ku MBS, bungwe lathu loona za ubwino wa katundu, ndiponso ngati woikayo ali ndi layisensi ya MERA, bungwe loyang'anira za magetsi ndi mafuta. Funsani asanakwere padenga.

Komabe chidindo chimayeza thanki ndi galasi zili ku fakitale. Sichidziwa kuti giza yanu yayang'ana kuti. Tili kumwera kwa equator, ndiye machubu ayenera kuyang'ana kumpoto, poti m'miyezi yozizira, pamene madzi otentha akufunika kwambiri, dzuwa limapendekera kumpoto. Ndimadutsa nyumba ina ku Chigumula yomwe giza yake yokongola inayang'anitsidwa kumsewu, kumwera, mwina kuti odutsa aziiona. Mu Juni anthu amenewo ayenera kuti amasamba ndi magetsi okhaokha. Chidindo sichidziwanso za mtengo wa mango umene umaphimba denga lanu masana, kapena ngati matabwa a denga angapirire makilogalamu oposa 200, poti malita 150 ndi makilogalamu 150 musanawerengere thanki, machubu ndi chitsulo chake. Ife tinawonjezera matabwa pansi pake, ndipo mpaka lero malata sanabwafuke.

Phindu lina silioneka pa mita. Amene tinakhala mumdima wa 2022, namondwe Ana atawononga Kapichira n'kuchotsa pafupifupi ma megawati 130, tikukumbukira kuti madzi osamba ankatenthetsedwa pa mbaula m'mawa uliwonse. Masiku ano magetsi akathima timasamba ngati palibe chachitika, ndipo thumba la makala likukhalitsa. Mayi a kunyumba amatunga madzi otentha pampopi n'kuyambira pomwepo kuphika nyemba kapena kutsuka mbale zamafuta, zomwe zimachepetsanso nthawi ya kukala. Akumwa ndi a tiyi sititunga pamenepo, madzi okhala m'thanki yofunda sindiwakhulupirira. Pa chifukwa chomwecho, chiperoni akakhalitsa ndimaonetsetsa kuti thanki ifike madigiri 60 kamodzi pasabata, tizilombo ta Legionella tisaswane m'madzi ofunda.

Chisamaliro n'chochepa. Fumbi la Seputembala limakuta galasi, ndipo kupukuta ndi nsalu yonyowa m'mawa kwambiri kumasintha kutentha kwa madzi moonekeratu. Mukakwera, yang'anani kunsonga yakumunsi ya chubu chilichonse: iyenera kuwala ngati siliva. Ikayera mbee, ndiye kuti mpweya walowa pakati pa magalasi awiri omwe amapanga chubu, chubucho chatha ntchito ngakhale sichikudontha. Zathu zonse zikadali zasiliva. Labala imodzi yapolowera chubu inayamba kudontheza, tinasintha. Thanki sinachite dzimbiri, koma chitsulo chomwe yakhalapo chayamba kufiira m'mabauti, chifunika penti mvula isanagwe. Amene muli pa madzi a mjigo, makamaka amchere, muyembekezere kuti zoyera zija zimamatirira mu ketulo zidzamatiriranso pa elementi ndi m'machubu, ndiye kutsuka kwanu kuzikhala pafupipafupi.

Wa lendi asavutike nayo, kuichotsa n'kuikanso kwina ndi ndalama komanso machubu amasweka pa msamuko. Banja la anthu awiri ligule yaing'ono, chifukwa yaikulu yosagwiritsidwa ntchito imangobwata. Ndipo mukamachoka pakhomo masiku angapo m'nyengo yotentha, phimbani machubu ndi lona kapena shedi neti, mumange bwino mphepo isachotse, n'kutseka valve yolowetsa madzi.