Ndemanga: sukulu ya charter ku Boston imaphunzitsa bwino, koma mtengo wake amalipira ndi ana ena

Kwa makolo amene akuganiza zolembetsa ana awo ku sukulu ya charter mumzinda wa Boston, ndemanga yanga ndi yakuti maphunziro ake ndi abwino ndithu, ngakhale kuti sindikugwirizana ndi anthu amene akufuna kuti malire a chiwerengero cha sukuluzi achotsedwe. Sukulu ya charter imayendetsedwa ndi ndalama za misonkho ndipo mwana salipira fizi, koma ili ndi bungwe lakelake loiyang'anira ndipo siilamulidwa ndi ofesi ya maphunziro ya mzinda. Ku Massachusetts, chigawo cha dziko la America kumene kuli Boston, sukuluzi zinaloledwa ndi lamulo la 1993, zoyamba zinatsegulidwa mu 1995, ndipo chilolezo cha sukulu iliyonse chimaunikidwanso pakatha zaka zisanu.

Pa sukulu imene mwana wanga amaphunzira, tsiku ndi lalitali kuposa m'sukulu zambiri za mzinda, ana amavala yunifolomu, ndipo mphunzitsi amaimba foni madzulo a tsiku lomwelo mwana akalephera kupereka homuweki. Chimene chinandikhutiritsa kwambiri ndi masamu. Mwana akalakwa funso, pepala lake limabwera kunyumba mphunzitsi atazunguliza mzere weniweni pamene maganizo anasokonekera, ndipo mawa lake amamupatsa funso lina lofanana nalo kuti aone ngati wamvetsa. Akatswiri a pa yunivesite za MIT ndi Harvard, poyerekeza ana amene anapeza malo pa maere ndi amene anaphonya, anapeza kuti sukulu za charter za ku Boston zimakwezadi magiredi a ana, makamaka pa masamu.

Zodandaulitsa ziliponso. Mwambo ndi wokhwima mopitirira muyeso, moti mwana amatha kusungidwa pasukulu anzake ataweruka chifukwa choiwala lamba wa yunifolomu, ndipo aphunzitsi ambiri ndi achinyamata amene sakhalitsa. Malo amapezeka mwa maere, choncho khama la kholo silithandiza kanthu patsiku losankha.

Nkhani imene kholo silimva pa tsiku lokaona sukulu ndi ya ndalama. Mwana akachoka ku sukulu ya mzinda n'kupita ku charter, boma la Massachusetts limadula ndalama pa thandizo limene limapereka kumzindawo n'kuzitumiza ku sukulu yatsopanoyo, ndipo kuchuluka kwake kumatengera zimene mzindawo umawononga pa mwana aliyense. Pongomva, zimaoneka zachilungamo kuti ndalama zitsatire mwana. Vuto ndi lakuti ana sachoka kalasi yonse pakamodzi. Amachoka awiri mu giredi 5 ya sukulu iyi, atatu mu giredi 6 ya sukulu ina, kotero palibe kalasi imene ingatsekedwe kapena mphunzitsi amene angachotsedwe. Nyumba yomweyo imafunikabe kutenthetsedwa mu Januwale, denga likadontha limafunika kukonzedwa, ndipo penshoni ya aphunzitsi opuma sichepa chifukwa mipando itatu yatsala yopanda anthu. Basi yachikasu imene imanyamula mwana wanga m'mawa nayo imalipiridwa ndi ofesi ya maphunziro ya mzinda, pakuti lamulo limaiuza kuti inyamulenso ana a charter okhala m'dera lake. Ndalama zikaperewera, sukulu za mzinda zimayamba kuchepetsa zinthu monga laibulale ndi maphunziro a nyimbo, ndipo okhudzidwa amakhala ana otsala, amene pakati pawo pamakhala ambiri olumala ndi obwera kumene m'dzikomo osadziwa Chingerezi.

Boma limadziwa za vutoli, n'chifukwa chake limabwezera mizinda gawo la ndalamazo kwa zaka zochepa, koma kwa zaka zingapo nyumba ya malamulo sinkapereka ndalama zobwezerazo zonse, mpaka lamulo la 2019 lotchedwa Student Opportunity Act linalonjeza kukonza zimenezi. Chitetezo chodalirika ndi malire amene lamulo linaika: sukulu za charter zisapose 120 m'chigawo chonse, ndipo ndalama zopita kumeneko zisapose 9 peresenti ya zimene dera limawononga pa maphunziro, kupatula madera amene sukulu zake zikulephera kwambiri, kumene lamulo la 2010 linalola kufika 18 peresenti.

Mu Novembala 2016 anthu anavota pa funso lotchedwa Question 2, limene likanalola sukulu zatsopano kapena zokulitsidwa zokwana 12 chaka chilichonse. Charlie Baker, amene anali bwanamkubwa wa Massachusetts panthawiyo, analichirikiza, pamene Marty Walsh, amene anali meya wa Boston, yemwe iye mwini anathandizapo kuyambitsa sukulu ya charter, analikana chifukwa cha bajeti ya mzinda. Funsolo linagwa, pakuti pafupifupi 62 peresenti ya ovota analikana. Ndikumvetsa kuwawidwa mtima kwa kholo limene mwana wake ali pa mndandanda wodikira malo, ndipo malirewo ndi amenedi amautalikitsa mndandandawo. Komabe ku California nakonso, lamulo la AB 1505 la mu 2019 linapatsa madera mphamvu yoganizira za kuwonongeka kwa bajeti asanavomere sukulu yatsopano, zomwe zikusonyeza kuti dandauloli si la ku Massachusetts kokha.

Pa kaphunzitsidwe, sukuluyi ndikuipatsa nyenyezi zinayi mwa zisanu, ndipo yachisanuyo ndachotsa chifukwa cha mwambo ndi kusinthasintha kwa aphunzitsi. Ngati mukulembetsa, funsani akuluakulu a sukulu kuti aphunzitsi angati a chaka chatha abwereranso chaka chino, komanso kuti ana angati amene anayamba giredi yoyamba ya sukuluyo anafika nayo kumapeto.