Fayilo Imodzi Kapena Mafayilo Ambiri Posunga Ntchito Yolemba Malangizo

Mapulogalamu olembera malangizo othandiza ogwiritsa ntchito kompyuta amasunga zolembedwa m'njira ziwiri. HelpNDoc imaika mitu yonse ndi makonzedwe ake m'fayilo imodzi ya .hnd, pamene MadCap Flare imasunga mutu uliwonse m'fayilo yakeyake. Help+Manual imalola zonse ziwiri, ndiye kuti .hmxz yopanikizidwa kapena .hmxp yokhala ndi mafayilo ambiri a XML, omwe ndi mafayilo a mawu wamba osapanikizidwa.

Fayilo imodzi ndi yosavuta kusamutsa ndi kukopera, ndipo imamuyenera wolemba amene akugwira ntchito yekha, ngakhale kuti ikawonongeka popanda kope lina, zonse zimatayika nthawi imodzi.

Mafayilo ambiri amaonetsa ubwino wake pamene olemba achuluka. Popeza mafayilowa ndi a mawu wamba, Git, pulogalamu yosunga mbiri ya zosinthidwa m'mafayilo, imatha kusonyeza mzere umene wasinthidwa ndi amene wausintha, kenaka n'kuphatikiza ntchito ya anthu awiri, zimene siingachite bwino ndi fayilo yopanikizidwa. Womasulira amatumiziridwa mitu yosinthidwa yokha. Komabe njirayi imafuna mwambo, chifukwa munthu akasintha dzina la fayilo kunja kwa pulogalamuyo, maulalo olozera ku mutuwo amaduka. Kwa gulu la olemba, vuto limeneli ndi lopiririka.