Ndemanga ya makina opera chiponde amene ndinagula mumzinda wa Tete

Makina amene ndikufotokoza pano ndi aja aang'ono a magetsi, okhala ndi mbale yakuya pamwamba yothiramo mtedza, miyala iwiri yozungulira m'kati, ndi kamlomo kam'mbali kotulukira chiponde. Pa katoni yake panalembedwa kuti mota wake ndi wa 1100 W, amagwira pa magetsi a 220 V amene tili nawo kuno ku Mozambique, ndiponso kuti amapera makilogalamu 15 pa ola limodzi. Ndinawagula mu loja (sitolo) ina ya ziwiya za kukhitchini mumzinda wa Tete, ndipo ndawagwiritsa ntchito kunyumba kwathu ku Ulongwe, m'boma la Angónia, kuyambira pamene tinakolola mtedza mpaka tsopano pamene mvula yayandikira. Amayi ambiri amene analawa chiponde changa akhala akundifunsa ngati ndalama zimene ndinawononga zikubwerera, choncho ndaona kuti ndi bwino ndifotokoze zonse pamalo amodzi.

Chimene chinandichititsa kuwagula ndi zolemba za pa mabotolo a chiponde cha m'sitolo. Mukawerenga bwino mupeza kuti ambiri mwa mabotolowo, kuwonjezera pa mtedza, muli shuga, mchere wochuluka ndi mafuta olimbitsidwa amene amathiramo kuti chiponde chisalekane ndi mafuta ake chikakhala pa shelefu. Ife mtedza timalima tokha, ndipo sindinaone chifukwa choti ana anga azidya shuga m'chakudya chimene munda wathu ungatipatse chopanda chosakaniza. Kusinja mumtondo ndimakudziwa, ndinakula nako, koma kuti mtedza ufike potuluka mafuta mpaka kusalala pamafunika mapewa olimba ndi nthawi imene munthu wogwira ntchito alibe. Pa mbali imeneyi makinawa sanandikhumudwitse ngakhale pang'ono.

Mukangowayatsa n'kuthira mtedza wokazinga, choyamba kutuluka pakamlomo ndi ufa wonyowa wofanana ndi nsinjiro. Pali kachitsulo kopotokola kamene kamayandikitsa miyala ija, ndipo mukamakakhwimitsa pang'onopang'ono ufawo umayamba kugwirana, kenaka kunyezimira, mpaka chiponde chimayamba kuyenderera chokha kugwera m'mbale chili chofunda, fungo lake litadzaza nyumba yonse. Simufunika kuthira mafuta ophikira ngakhale dontho limodzi, chifukwa pafupifupi theka la kulemera kwa mtedza ndi mafuta, ndipo pafupifupi gawo limodzi mwa magawo anayi ndi mapuloteni. Ndayesa mitundu iwiri imene timalima kuno, yomwe mbewu yake inachokera kwa abale athu a ku Malawi. CG7, wofiira uja, ali ndi mafuta ambiri ndipo amatuluka wosalala ulendo umodzi wokha. Chalimbana, wa maso akuluakulu, amakoma kwambiri pakamwa koma amatuluka wolimbirako, moti ndimamubwezanso m'makina kachiwiri. Apongozi anga atalawa ananena kuti n'chosalala mopitirira, iwo amafuna chokhala ndi timibulu tomveka pa mano monga cha mumtondo, ndiye chawo ndimachipera nditamasula kachitsulo kaja pang'ono, ndipo amakhutira.

Makinawa salola mtedza wauwisi kapena wokazinga mwachibwana. Ukakhala kuti sunapse mpaka m'kati umamata pa miyala, mota n'kuyamba kulira movutika. Ine ndimakazinga m'chiwaya pa mbaula ya moto wofatsa, ndikutakasa osalekeza, mpaka nditaswa njere imodzi ndione kuti m'kati mwafiirira mofanana. Ndikatero ndimaufikisa m'manja pa lichero n'kupepeta kuti khungu lofiira lichoke, chifukwa likachuluka chiponde chimawawira. Ndimathira m'makina mtedza usanazizire kwenikweni, popeza wofunda umatulutsa mafuta msanga. Mchere ndimathira wochepa kwambiri, wosalala, pamodzi ndi mtedza kuti usakanikire popera. Madzi ndiye asayandikire n'komwe. Uchi, kwa amene amaufuna, ndi bwino kuthira pa buledi pomwepo, osati m'makina, chifukwa umalimbitsa chiponde n'kutseka miyala.

Tsopano ndifike pa nkhani imene wogulitsa sanandiuze, imenenso siinalembedwe pa katoni, koma ndi imene imasiyanitsa chiponde chopatsa thanzi ndi chopatsa matenda. Makina amapera chilichonse chimene mwawapatsa. Njere yabwino ndi njere yachuku zimatuluka pakamlomo kamodzi zitasakanikirana, zosalala mofanana, ndipo palibe diso limene lingazisiyanitsenso. Chuku cha mtedza chimachokera ku nkhungu yotchedwa Aspergillus flavus, imene imakhala m'nthaka ndipo imalowa mu mtedza mbewu ikavutika ndi chilala chakumapeto kwa nyengo, makoko akasweka pokumba, kapena mtedza ukasungidwa usanaume bwino. Nkhunguyi imapanga poizoni wotchedwa aflatoxin. Dziko lapansi linamudziwa poizoniyu kuchokera mu 1960, pamene nkhukundembo pafupifupi 100,000 zinafa ku England zitadya chakudya chopangidwa ndi mtedza wochokera ku Brazil. Kwa munthu, poizoniyu amaononga chiwindi pang'onopang'ono ndipo amayambitsa khansa ya chiwindi, makamaka kwa amene ali kale ndi kachirombo ka hepatitis B, komanso akatswiri a zaumoyo amamugwirizanitsa ndi kupinimbira kwa ana. Chowawa kwambiri n'chakuti kukazinga sikumupha. Moto wa m'chiwaya umangomuchepetsa pang'ono, wotsalayo amalowa m'botolo.

Ndikunena izi mtima ukundipweteka chifukwa ndikudziwa mmene timachitira m'midzi mwathu. Mtedza wosalala, wa maso odzaza, timaupititsa kumsika kuti ogula atipatse mtengo wabwino, ndipo wokwinyika, wosweka ndi wakuda timausiya pakhomo kuti tidzasinje nsinjiro zotendera nkhwani. Ndiye kuti ana athu ndi amene amadya woipitsitsa. Palinso chizolowezi chowaza madzi pa mtedza wa makoko kuti ufewe poswa, kapena kuti ulemere pa sikelo, ndipo chinyezi chimenecho ndicho chimene nkhungu imafuna. Chifukwa cha ichi ine sindigula mtedza woswa kale ngati sindikudziwa mwini wake. Wathu timauumitsa uli ku mitengo yake, makoko osagunda dothi, mpaka njere zizilira m'kati mukagwedeza, ndipo timausunga m'makoko momwemo pamalo okwera, n'kumaswa wokwanira kupera tsiku limenelo basi.

Kusankha ndiko kumanditengera nthawi yambiri kuposa kupera. Ndimayala mtedza pa lichero panja powala, n'kuchotsa njere iliyonse yokwinyika, yobooka ndi anankafumbwe, yosweka kalekale kapena yosintha mtundu. Ndikakazinga ndi kuchotsa khungu ndimasankhanso kachiwiri, chifukwa pamenepo ndi pamene zobisika zimaonekera. Njere imene kunja inali yooneka bwino imapezeka ili ndi banga lakuda kapena lachikasu pakati pamene magawo awiri amakumana, ndipo ina ikasweka mumaoneka kaufa kobiriwira. Zonsezo ndimazikwirira kudzala. Sindipatsa nkhuku kapena ng'ombe, popeza poizoniyu amadwalitsanso ziweto ndipo amatha kudutsira mu mkaka. Kwa ine phindu lalikulu la kukhala ndi makina pakhomo lili pomwepa, kuti njere iliyonse yolowa m'botolo yadutsa m'manja mwanga ndaiona, zimene sizitheka ndi chiponde chopera kale chogulitsidwa m'timabotolo topanda zolemba.

Zofooka za makinawa ziliponso, ndipo wofuna kugula ayenera kuzidziwa. Makilogalamu 15 pa ola aja angatheke ngati mota sakanamatentha, koma amatentha. Akagwira ntchito kwa kanthawi, thupi lake limafika posagwirika ndi dzanja, ndipo muyenera kuzimitsa kuti apume musanapitirize, apo ayi chiponde chimayamba kumveka kupserera. Kwathu kuno ku Angónia, kumene m'miyezi ya Juni ndi Julayi kumazizira kwambiri, amapira nthawi yotalikirapo, koma mchemwali wanga amene amakhala ku Moatize, kumene kumatentha kwambiri, atawabwereka m'mwezi wa Okutobala anandiuza kuti ankatha kupera m'mamawa mokha, dzuwa lisanakwere. Phokoso lake ndi lalikulu, simungapere mwana ali mtulo. Kabuku ka malangizo kanalembedwa m'Chitchaina ndi m'Chingerezi chovuta kumva, mulibe Chipwitikizi ngakhale mzere umodzi, ndipo pulagi yake siinalowe m'soketi za m'nyumba mwathu mpaka bambo a kunyumba anachita kuisintha. Ndinadandaulanso kuti wogulitsa sanatchule zoti miyala yatsopano imatulutsa fumbi lake. Ndinaona ndekha kuti chiponde choyamba chinali chotuwa ndiponso chokhala ndi mchenga pa mano, ndiye ndinachitaya. Amene mwagula kumene, yambani mwapera mtedza wodzaza manja awiri n'kutaya musanapere wodya. Nthawi imene magetsi afooka, mababu akuwala mofiira, musawayatse, chifukwa mota amangong'ung'udza osazungulira bwino ndipo akhoza kupsa.

Kutsuka ndi ntchito imene sindiikonda, koma siingazembeke. Muyenera kumasula mbale ya pamwamba, chivindikiro ndi miyala, kupala chiponde chomatirira m'timizere ta miyalayo ndi mswachi wolimba, kutsuka ndi madzi otentha, kenaka kuyanika padzuwa mpaka ziume gwa musanabwezeretse. Mbali ya mota imangopukutidwa ndi kansalu. Mukachita ulesi n'kusiya zotsalira m'kati, mafuta ake amasasa n'kuononga kukoma kwa chiponde chotsatira, komanso nyerere ndi mphemvu zimapeza pokhala. M'makona a kamlomo kotulukira mumatsalira chiponde chambiri ndithu, moti kupera kapu imodzi yokha ya mtedza n'kutaya nthawi. Ndi bwino kupera wambiri nthawi imodzi.

Chiponde chikatuluka ndimachisiya chizizire chili chosavindikira, chifukwa mukatseka chikadali chofunda pansi pa chivindikiro pamachita thukuta, ndipo timadontho timeneto ndi timene timayambitsa nkhungu. Ndimachiika m'mabotolo agalasi owiritsidwa ndi kuumitsidwa bwino, n'kumatapa ndi supuni youma nthawi zonse. Pakapita masiku mafuta amayandama pamwamba. Ena akaona zimenezi amaganiza kuti chaonongeka n'kukhetsa mafutawo, koma ndi mmene chiponde chopanda mafuta olimbitsidwa chimakhalira, ndipo chofunika n'kungotakasa. Kuno kozizira botolo limatha lisanasinthe fungo, koma kwa okhala m'chigwa cha Zambezi ndikulangiza kusunga mu firiji kapena kupera chochepa chimene chingathe msanga.

Pakhomo pathu chiponde chimalowa m'phala la mgaiwa la m'mawa, pa buledi, pa mbatata yowiritsa ndi pa nthochi, ndipo ndikasowa nsinjiro ndimasungunula supuni ziwiri m'madzi ofunda n'kutendera masamba, zimene zimapangitsa ndiwo kupsa msanga. Kwa mwana wamng'ono musamupatse chiponde chokhachokha pa supuni chifukwa chimamata kukhosi, koma chisungunulireni m'phala. Pali anthu ena amene thupi lawo limadana ndi mtedza, amatupa milomo, kutuluka zidzolo kapena kubanika, ndipo mukaona zotere thamangirani kuchipatala osazengereza. Ndifunanso kuchenjeza amayi anzanga kuti chiponde cha pakhomo si chofanana ndi chija cha m'timapaketi chimene amapereka kuchipatala kwa ana onyentchera. Chimenecho muli mkaka waufa, shuga, mafuta, mavitamini ndi michere yoyezedwa bwino, ndipo ndi mankhwala. Mwana wonyentchera apite kusikelo, chathuchi chingothandiza kuti wathanzi apitirize kukula bwino. Akuluakulu nafenso tisachite kudya ndi chikombe, chifukwa magalamu 100 okha ali ndi mphamvu ya makalori pafupifupi 600.

Pa nkhani ya magetsi ndinali ndi mantha amene anatha msanga. Mota wa 1100 W akayaka ola lathunthu amadya pafupifupi yuniti imodzi ya magetsi olipiriratu a Credelec, ndipo chiponde chokwanira banja kwa milungu ingapo chimaperedwa ola lisanakwane. Mtengo wogulira ndiye sunali wochepa, ndinachita kusunga ndalama kwa miyezi, koma kwa banja lolima mtedza ndiponso lodya chiponde tsiku ndi tsiku ndalamazo zimabwerera. Amene mtedza amachita kugula, kapena amadya chiponde mwa apo ndi apo, sadzaona phindu msanga. Amene akufuna kupera cha malonda kuyambira m'mawa mpaka madzulo afunefune makina aakulu, chifukwa awa sangapirire, ndipo kumidzi kumene waya wa magetsi sanafike ndi bwino kugula kachigayo kopukusa ndi manja.

Pa nyenyezi zisanu ndikuwapatsa zinayi, ndipo imodziyo ndachotsa chifukwa cha kutentha kwa mota ndi kusowa kwa malangizo omveka. Musanapereke ndalama, pemphani wogulitsa awayatse inu mukuona, yang'anani ngati pulagi ikugwirizana ndi soketi za kwanu, ndipo funsitsani ngati amagulitsanso miyala yapadera. Miyala imatha ndi kupera, yanga yayamba kale kusalala m'mphepete, ndipo ku Ulongwe sindinaipeze m'sitolo iliyonse, moti ndatuma munthu wopita ku Tete pa chapa (minibasi) kuti akandifunsire komwe ndinagula.